Logo ndi thumba la khofi wanu: mudzipangire nokha kapena mupite kwa ndani?

Mutha kugula njere zabwino za ku Misuku kapena ku Ntchisi, n'kuzikazinga mosamala mpaka fungo kufika kwa aneba, koma pa shelefu ya m'sitolo wogula sanunkhiza kanthu. Thumba ndi lomata. Chimene akuona ndi dzina, chizindikiro ndi mtundu wa pepala basi, ndipo pambali pa thumba lanu pali mapaketi a Mzuzu Coffee ndi a Satemwa amene maso a anthu anawazolowera kalekale. Komanso tisanamizane, Amalawi ambirife ndife a tiyi. Khofi amene tinakula naye ndi wa m'chitini uja wongothira madzi otentha. Wogula khofi wokazinga kumene amakhala mwini loji ya kunyanja, mkulu wa kukhitchini ya hotela, mlendo wofuna mphatso pa bwalo la ndege la Kamuzu, kapena m'bale amene akubwerera ku Joni ndipo akufuna kunyamula chakwawo. Onsewa amayamba kugula ndi maso.

Ntchito yanga ndi kukonza zolemba za pa mabotolo ndi mapaketi a mabizinesi ang'onoang'ono: uchi, chiponde, tsabola, ndipo khofi wadutsa m'manja mwanga kangapo. Choncho dziwiranitu kuti mwa njira zisanu ndi imodzi zimene ndikambe pano, ina ndi imene ine ndimadyera. Ndiyesetsa kusaikometsera.

Muyezo woyamba ndi thumba

Ambiri amayamba n'kufunsa kuti logo ioneke bwanji. Funso loyenera kutsogola ndi lakuti logoyo idzafika bwanji pa thumba, chifukwa kasindikizidwe ndi kamene kamalamula zimene wojambula angachite.

Chidindo cha labala pa thumba la pepala lakhaki ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse. Koma chidindo chimadziwa mtundu umodzi wokha, timizere tating'ono timaphatikizana inki ikachuluka, ndipo pa thumba lonyezimira inki wamba siuma, imangopakika m'zala. Sitika imalola mitundu yonse ndipo mutha kusindikiza 50 zokha, kungoti mtengo wa thumba lililonse umakwera, ndipo sitika ya guluu wosalimba imayamba kupindika m'makona kukatentha mu Okutobala. Njira yachitatu ndi kusindikiza pa thumba lenilenilo ku fakitale, kawirikawiri ku South Africa, ku India kapena ku China. Kumeneko thumba limatuluka looneka ngati la kampani yaikulu, koma pa makina ambiri mtundu uliwonse umafuna puleti yakeyake yosindikizira, yolipira payokha, ndipo sakugulitsani matumba 200, amayambira pa masauzande. Walira mvula walira matope: mukafuna mitundu isanu ndi umodzi, mwafunanso mapuleti asanu ndi limodzi ndi madola olipirira.

Pali china chimene wojambula wosadziwa khofi amaphonya. Khofi akangokazingidwa amatulutsa mpweya wa carbon dioxide kwa masiku angapo, n'chifukwa chake matumba abwino amakhala ndi kavalavu kotulutsa mpweyawo osalowetsa wakunja. Kavalavuko kamakonda kukhala kutsogolo, chakumtunda, pamalo pomwe aliyense amafuna kuikapo logo. Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Ndinakonza sitika yozungulira yokongola ndisanagwire thumba lenileni m'manja, ndipo tsiku lomata tinapeza kuti ikutseka timabowo ta valavu. Tinaitsitsa, n'kupeza kuti tsopano ikugwera pamene thumba limapindika likaima. Masitika onse aja anathera pa makatoni. Kuyambira pamenepo sindiyamba ntchito popanda thumba lopanda kanthu pa tebulo.

Pepala lakhaki nalonso lili ndi khalidwe lake. Makina ambiri alibe inki yoyera, ndiye pamene mwajambula zoyera pamaoneka khaki. Chofiira chimazilala n'kukhala ngati njerwa, chachikasu chimangosoweratu.

Miyezo ina

Ichepetseni logoyo ifike kukula kwa chitsekerero cha botolo la Fanta, muisindikize yakuda pa pepala loyera. Ngati dzina likuwerengeka, ipirira pa chidindo, pa kapu, pa lisiti ndi m'kabwalo ka chithunzi cha WhatsApp. Ikasanduka chidontho, sinakonzeke, ngakhale ikongole chotani pa kompyuta.

Chachiwiri ndi mafayilo. Chithunzi cha JPG kapena PNG chimasweka mukachikulitsa, makamaka chikadutsa pa WhatsApp amene amachifinya. Mukufunika mafayilo a vector, monga SVG, AI (ya pulogalamu ya Adobe Illustrator), EPS kapena PDF yosafinyidwa, amene amakula kuchoka pa sitika kufika pa chikwangwani osataya kanthu. Akupatseninso manambala a mitundu yanu, a CMYK osindikizira ndi a RGB a pa foni, ndi mayina a zilembo zimene agwiritsa ntchito. Pa zilembopo yesani kulemba ŵ. Zilembo zambiri zokongola za pa intaneti zilibe ŵ, ndipo tsiku limene mudzafune kulemba Malaŵi kapena mawu a Chitumbuka pa thumba la khofi wa ku Phoka, mudzapeza kabokosi kopanda kanthu pakati pa mawu.

Chachitatu ndi umwini. Musangodalira kuti mwalipira wojambula; pakhale kalata yosainirana yonena kuti ufulu wa chojambulacho wabwera kwa inu. Kulembetsa dzina la bizinesi nakonso n'kosiyana ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda. Chizindikiro chimalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda motsatira lamulo la Trademarks Act la 2018, chitetezo chake ndi cha zaka 10 ndipo mutha kuchiwonjezera. Polembetsa, malonda amagawidwa m'magulu: khofi ali m'gulu 30, pamene malo omwera khofi ali m'gulu 43, ndiye amene akufuna zonse ziwiri alembetse magulu onse awiri. Wofuna kugulitsa kunja ali ndi njira ya ARIPO, bungwe lolembetsa zizindikiro m'mayiko angapo a mu Africa limene likulu lake lili ku Harare, komanso ya Madrid, mgwirizano wolembetsera chizindikiro m'mayiko ambiri nthawi imodzi, umene dziko lino linalowa mu Disembala 2018. Logo imene simungathe kuilembetsa ili ngati nyumba yomangidwa pa puloti ya eni.

Chachinayi, logo si thumba lonse. Payenera kutsala malo a kulemera kwa khofi, tsiku lokazinga, tsiku lothera, adiresi yanu, barcode ngati mukufuna kulowa m'masitolo akuluakulu, ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards (MBS) mukachipeza. Payeneranso kukhala njira yosiyanitsira wa njere ndi wogaya, wa ku Misuku ndi wa ku Thyolo, popanda kuyambiranso kujambula. Zonsezi pamodzi, mitundu iwiri kapena itatu, zilembo za mitundu iwiri, ndi dongosolo la pamene chilichonse chimakhala, ndiye nkhope ya bizinesi yanu. Logo ndi mphuno chabe pa nkhopepo.

Mtengo muuwerenge m'matumba a khofi. Tiyerekeze kuti pa thumba la magalamu 250 mumatsala ndi phindu la K4,000. Ndiye kuti ntchito ya K400,000 ndi matumba 100. Ngati mumagulitsa matumba amenewo pa mwezi umodzi, si ndalama yoopsa. Ngati amakutengerani chaka, dikirani kaye. Ndipo chilichonse cholipira m'madola muchione ndi diso lina: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankalipira mapulogalamu mwezi ndi mwezi anangodzuka bilu itakwera.

Mawu amodzi pa zojambulazo. Njere ya khofi yokhala ndi kamzere pakati, kapu yofuka nthunzi, mapu a Malawi, dzuwa lotuluka: aliyense anaziganiza kale. Mbendera ndi chizindikiro cha boma zimatetezedwa ndi lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act, simungangozimata pa malonda. Chigoba cha Gule Wamkulu chimakopa alendo, inde, koma eni mwambo alipo ndipo si onse amene angasangalale kuchiona pa thumba lotayidwa m'bini. Ine ndimakana kuchijambula. Dzina la malo ngati Misuku lilembeni monga kumene khofi wachokera, koma musayembekeze kulitsekera kuti likhale lanu nokha. Ndipo ngati m'thumba muli khofi wa mtundu wa Catimor musalembe kuti ndi wa mtundu wa Geisha. Ogula amene amalipira bwino ndi omwewo amene amadziwa kusiyana kwake.

1. Kudzipangira nokha pa foni kapena kompyuta

*Mtengo.* Pulogalamu yojambulira ya Canva ili ndi mbali yaulere, ndipo ina ya Inkscape, imene imapanga mafayilo enieni a vector, ndi yaulere yonse. Mumalipira bandulo ndi tulo tanu. Mbali yolipira ya Canva ndi ya madola, ndipo imafuna khadi ya banki yololedwa kugula kunja, chinthu chimene masiku ano sichapafupi.

*Kupezeka.* Usiku uno womwe, muli pa mphasa.

*Kusamala.* Mukafuna kusintha tsiku kapena kuwonjezera mtundu wina wa khofi simudikira munthu. Ubwino umenewu ndi weniweni, ndipo ambiri amaupeputsa. Koma zonse zimakhala mu akaunti imodzi. Mukaiwala pasiwedi kapena foni ikabedwa musanasunge kwina, mwayambiranso.

*Ngozi zake.* Malamulo a Canva eniake amanena kuti zithunzi ndi matempuleti (zojambula zokonzedwa kale) a m'nkhokwe yawo simungazilembetse ngati chizindikiro chanu cha malonda, chifukwa wina aliyense ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito. Kapu yofuka imene mwaikonda ili kale pa shopu ina ku Lusaka ndi ina ku Manila. Mapulogalamu a AI, aja amajambula okha mukawauza chimene mukufuna, ali ndi vuto lawo. Ambiri amatulutsa chithunzi, osati vector, amasokoneza zilembo, ndipo ofesi yoona za umwini wa zaluso ku America inanena mu 2023 kuti chithunzi chopangidwa ndi makina okha sichitetezedwa, zimene zikutanthauza kuti wokuberani mungavutike kumugwira. Komanso AI imajambula khofi ngati mphesa zolendewera. Khofi weniweni amabereka mothinana m'mfundo za nthambi, pamene masamba awiri atulukira moyang'anana, ndipo mlimi wa ku Misuku akaona mphesazo pa thumba lanu adzaseka. Ngati mwasankha njira imeneyi, khalani pa dzina lolembedwa bwino ndi zilembo za Google Fonts, zimene chilolezo chake chimalola malonda, mtundu umodzi, popanda kachithunzi. Dzina loyera loonekera limaposa chithunzi chobwereka.

2. Mnyamata wa pa shopu yosindikizira

*Mtengo.* Nthawi zambiri amati logo ndi yaulere bola musindikize masitika pomwepo. Mtengo wake umabisala m'masitikamo.

*Kupezeka.* Tauni iliyonse, kuyambira ku Limbe mpaka ku Karonga. Mumakhala pambali pake, mukuloza pa sikirini, pakatha ola limodzi mwanyamula.

*Kusamala.* Apa ndiye pa bala. Fayilo imatsala mu kompyuta ya pa shopu, kawirikawiri ya pulogalamu ya CorelDRAW, ndipo inu mumapita ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Mayi wina amene ndinamuthandiza anabwerera patatha miyezi isanu ndi itatu n'kupeza kuti mnyamata uja anasiya ntchito, kompyuta anaifufuta itagwidwa ndi vayirasi. Tinajambulanso logo yake kuchokera pa sitika yakale yothimbirira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: pitani ndi flash, musachoke opanda fayilo.

*Ngozi zake.* Liwiro limenelo limachokera pa kutsitsa zithunzi pa Google, ndipo mwini chithunzi simumudziwa. Ubwino umodzi wosatsutsika ndi wakuti mnyamatayo amadziwa makina ake, ndiye mtundu umene waona ndi umene utuluke.

3. Wojambula pamanja

Njira iyi anthu saiganizira, koma kwa khofi ndi imene ndimaikonda. Ndikunena olemba zikwangwani za magolosale ndi mabasi, osema, ndi ojambula ngati amene aphunzira ku Kungoni ku Mua kapena ku dipatimenti ya zaluso ya University of Malawi ku Zomba.

*Mtengo.* Mumalipira kawiri: wojambulayo, kenako munthu wa kompyuta woti asandutse chojambulacho kukhala vector. Kuphatikiza zonse, nthawi zambiri sizifika pa mtengo wa kampani. Musamunyengerere wojambulayo ndi mtengo wa chithunzi chimodzi cha pamsewu, chifukwa chimene mukugula ndi ufulu wochisindikiza kambirimbiri. Muuzeni zimenezo poyera, mulipire moyenera, musainirane.

*Kupezeka.* Alipo ambiri, koma sapezeka pa intaneti. Mukaona chikwangwani cholembedwa bwino pa butchala, lowani mufunse amene analemba.

*Kusamala.* Vector ikapangidwa bwino, logo imeneyi siivuta. Chovuta ndi pamene mukufuna chithunzi chachiwiri cha khofi wa dera lina: muyenera kubwerera kwa dzanja lomwelo, apo ayi matumba anu sadzaoneka ngati a banja limodzi. Ngati mukudziwa kuti mudzakhala ndi mitundu itatu, jambulitsani zitatu nthawi imodzi.

*Ngozi zake.* Wojambula wozolowera nsalu yaikulu amadzaza zinthu: phiri, mayi wosenza dengu, mbalame, dzuwa, zonse m'bwalo limodzi. Pa chidindo zimasanduka phala. Mupatseni inki yakuda yokha ndi pepala laling'ono ngati chikhatho, mumuuze kuti ajambule chinthu chimodzi. Mizere yokhuthala ngati ya chosema ndi imene imagwirizana ndi pepala lakhaki, ndipo imakhala ndi kupindika kwa dzanja la munthu kumene tempuleti singakope. Dziwaninso kuti iyeyu akupatsani chithunzi, osati dongosolo la thumba lonse. Za barcode ndi malo a valavu si zake.

4. Katswiri wodziimira payekha wa konkuno

Iyi ndiyo ntchito yanga, ndiye muchotsepo mchere pang'ono.

*Mtengo.* Palibe mtengo umodzi. Wongomaliza sukulu ndi wa zaka khumi pa ntchito amasiyana kutali. Ubwino wake mumalipira m'makwacha, pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, ndipo mwambo wake ndi theka poyamba, theka pomaliza. Funsani kuti mtengowo ukuphatikiza chiyani: logo yokha, kapena ndi thumba, sitika, ndi kapepala kofotokoza mitundu ndi zilembo? Akulolani kusintha kangati? Mkangano wambiri umabadwira pa funso lachiwirili.

*Kupezeka.* Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu alipo ochuluka, ndipo ntchito zawo amaziika pa Facebook ndi Instagram. Koma ambiri anakulira pa maposita a maukwati, a misonkhano ya tchalitchi ndi a oimba. Amene anapangapo paketi ya chakudya n'kuiona ikusindikizidwa ndi ochepa. Musakhutire ndi zithunzi zokongola za pa sikirini, zija thumba limaoneka litaima pa tebulo lonyezimira. Zimenezo ndi zoyerekezera za kompyuta. Pemphani kuti akuonetseni botolo kapena paketi yeniyeni ya m'sitolo imene anapanga, muigwire.

*Kusamala.* Apa ndi pamene njirayi imapambana. Munthuyo mutha kumuitana abwere adzaone mmene mumakazingira, alawe khofi, apite nanu kosindikiza, akangane ndi wa makina chofiira chikatuluka ngati njerwa. Chaka chamawa mukafuna thumba la kilogalamu imodzi la mahotela, mumangomuimbira.

*Ngozi zake.* Ndi munthu mmodzi. Akadwala, akapeza ntchito ku bungwe, magetsi akazima sabata ya ntchito yanu, zonse zaima. Ena amagwira mafayilo dala kuti muzibwerera kwa iwo. Lembani m'kalata kuti ndalama yomaliza ituluka mafayilo a vector akafika. Ena amagwiritsa ntchito zilembo zogulitsidwa zimene sanagule, ndipo mlandu wake umagwera mwini thumba. Ndipo tilipo ena amene timakopera. Musanavomere, ikani logoyo pa Google Lens muone ngati ilibe mapasa kwina. Wojambula woona mtima sakwiya nazo.

5. Misika ya pa intaneti: Fiverr ndi 99designs

*Mtengo.* Fiverr inatchuka ndi ntchito za madola asanu, ndipo dzina lake linachokera pomwepo, koma amene amagwira ntchito yooneka amatchula madola ambiri kuposa apo, ndipo mafayilo a vector kawirikawiri amakhala pa mtengo wapamwamba. Ku 99designs mumachititsa mpikisano, ojambula ambiri n'kutumiza maganizo awo, inu n'kusankha mmodzi. Kwa zaka zambiri mpikisano wa logo wakhala ukuyambira pa madola 299. Zonse ndi za khadi kapena PayPal.

*Kupezeka.* Ojambula ndi osawerengeka, ndipo ena anapangapo matumba a khofi makumimakumi, amadziwa za valavu kuposa ine. Chotchinga ndi malipiro. Ambiri amadalira m'bale wa ku UK kapena ku Joni kuti awalipirire. Zikatero akaunti ndi kalata ya umwini zikhale m'dzina la bizinesi yanu, osati la mlamu.

*Kusamala.* Ntchito ikatha, chibale chatha. Kusintha kulikonse ndi oda yatsopano ya madola, ndipo munthu uja mwina simumupezanso.

*Ngozi zake.* Mukalemba kuti khofi ndi wa ku Africa, konzekerani kulandira mtengo wa mthethe, dzuwa likulowa ndi kadyansonga, ngati kuti khofi amamera ku Serengeti. Wojambula wa ku Jakarta sadziwa kuti khofi wathu amamera m'mapiri ozizira a nkhungu, pakati pa nthochi. Mutumizireni zithunzi zanu za munda, za matebulo oyanikira, za thumba lenileni ndi miyezo yake. Pa mitengo yotsikitsitsa, logo imodzi imagulitsidwa kwa anthu angapo atangosintha dzina.

6. Kampani ya zotsatsa malonda

*Mtengo.* Wokwera kuposa onse, ndipo za ku Johannesburg kapena ku Nairobi zimatchula m'marandi kapena m'madola. Mukulipira gulu: wofufuza msika, wolemba mawu, wojambula, ndi woyang'anira ntchito.

*Kupezeka.* Zilipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma makasitomala awo enieni ndi mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe. Inu ndi matumba anu 300 mudzakhala kumapeto kwa mzere, ndipo ntchito yanu ikhoza kupatsidwa kwa wophunzira.

*Kusamala.* Mumalandira kabuku kofotokoza zonse, moti wosindikiza aliyense angatsatire popanda kufunsa. Kwa bizinesi ya antchito ambiri kabukuka n'kofunika kwambiri. Kubwerera kukasintha kanthu kakang'ono n'kodula.

*Ngozi zake.* Amakonda kukonza thumba limene ndi fakitale yakunja yokha ingalisindikize: zagolide, mitundu ya inki yapadera ya Pantone, pepala lapadera. Mumatuluka ndi chinthu chokongola chimene simungakwanitse kuchipanga. Auzeni pa tsiku loyamba ndalama imene muli nayo pa thumba lililonse.

Ndiye inu mutenge iti?

Ngati mukukazinga pa chiwaya kapena pa kamakina ka kilogalamu imodzi, n'kumagulitsa kwa anzanu a ku ofesi ndi pa misika ya Loweruka, musawononge ndalama. Lembani dzina nokha ndi zilembo zaulere, dulitsani chidindo, gulani matumba akhaki. Dzina lenilenilo mwina mudzalisintha chaka chisanathe, ndipo ndalamayo ikufunika ku njere.

Ngati mawa kuli chionetsero ndipo mulibe kalikonse, pitani ku shopu yosindikizira, muwauze kuti alembe dzina lokha popanda chithunzi cha pa Google, mutenge fayilo pa flash.

Ngati ogula anu ndi alendo, maloji ndi mashopu a mphatso, phatikizani njira yachitatu ndi yachinayi: wojambula pamanja apange chithunzi, katswiri wa kompyuta akonze thumba lonse. Pa ndalama imene wokazinga wamng'ono angaipeze, apa ndi pamene ndaona zotsatira zabwino koposa.

Ngati mwayamba kukambirana ndi masitolo akuluakulu kapena mahotela, ndipo a MBS abwera kale kudzaona malo anu, mukufunika katswiri wa konkuno amene anapangapo mapaketi a zakudya, ndi kalata yosainirana. Kafufuzeni ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda ngati dzinalo lili lomasuka musanasindikize ngakhale sitika imodzi.

Ngati muli ku Manchester kapena ku Cape Town ndipo mukuitanitsa njere za kumudzi kuti muzikazinga komweko, Fiverr ndi 99designs zikuyenerani: khadi muli nayo, osindikiza ali pafupi, ndipo malamulo a zolemba za pa paketi ndi a dziko limenelo. Chithunzi chokha mutha kuchijambulitsa kuno.

Kampani yaikulu isiyireni kopaletivu kapena esiteti imene ikutumiza khofi wokazinga kunja, ili ndi mitundu ingapo, ndipo ikutha kuitanitsa matumba masauzande nthawi imodzi popanda kukhudza ndalama yogulira khofi kwa alimi nyengo yokolola ikafika.